Chilombo cha Kummaŵa: Chimbale cha Amuna Anayi Osamvana

 Nkhani ya lero ikuchokera kutali, ku America ndi ku Japan, ndipo ikunena za chimbale chimodzi cha nyimbo chimene chidatuluka m'chaka cha 1988. Nyimbo zake n'zaphokoso, za magitala amagetsi ndi ng'oma zogunda ngati mabingu, kotero kuti womvera wina wachikulire angathe kufulumira kutseka wailesi yake. Koma ayambe wadikira pang'ono, pakuti mbiri ya chimbalechi ili ndi kanthu kamene munthu aliyense amene adagwirapo ntchito ndi mnzake wosamvana naye akazindikire msanga.

Pali njira ziŵiri zojambulira nyimbo kuti zikhale pa chimbale. Yoyamba ndi ya m'situdiyo, m'chipinda chotsekedwa bwino, mmene oimba amabwereza nyimbo kangapo konse kufikira atakhutira nayo. Yachiŵiri ndi yonyamula makina ojambulira kupita nawo ku holo kumene gulu likuimbira anthu olipira pakhomo, n'kujambula zonse mmene zikuchitikira usiku umenewo, pamodzi ndi kuwomba m'manja, malikhweru ndi mfuu ya anthu. Chimbale cha lero ndi cha mtundu wachiŵiriwu. Dzina lake ndi Beast from the East, ndiye kuti Chilombo cha Kummaŵa, ndipo eni ake ndi gulu la oimba la ku Los Angeles lotchedwa Dokken. Chidajambulidwa ku Japan m'mwezi wa Epulo 1988, n'kutuluka mu Novembala chaka chomwecho. Pofika Malichi 1989, gululo lidali litapasuka.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, pafunika kuyamba ndi mtundu wa nyimbo zimene gululi linkaimba. Eni ake amazitcha glam metal. Liwu lakuti metal limanena za nyimbo za rock zolemera, za magitala okuzidwa mawu kwambiri, zimene magulu a ku Britain onga Black Sabbath, Led Zeppelin ndi Deep Purple adazitchukitsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Liwu lakuti glam limanena za kudzikongoletsa. Anyamata oimba nyimbo zimenezi ankasunga tsitsi lalitali, kulipesa kuti litukumuke ndi kulipopera mankhwala oumitsa. Ena ankadzola utoto m'zikope ndi m'milomo, n'kuvala mathalauza achikopa othina ndi nsalu zonyezimira. Nyimbo zawo zidali ndi mphamvu ya metal, koma kolasi yake idali yokoma ndi yosavuta kuloŵeza, yoti munthu akaimva kaŵiri ayamba kuiimba yekha ali pantchito.

Kwawo kwa nyimbozi kudali msewu wa Sunset Strip ku Los Angeles, m'chigawo cha California, kumene kudali nyumba zoimbira monga Whisky a Go Go, Roxy ndi Gazzarri's. M'nyumba za mumzinda umenewo ndimo mudakulira magulu onga Mötley Crüe, Ratt ndi Quiet Riot, ndipo ena, onga Poison, adasamuka kwawo ku Pennsylvania kudzafuna mwaŵi komweko. Zinthu ziŵiri ndizo zidawakweza. Mu Ogasiti 1981 idatsegulidwa MTV, wailesi ya kanema yoonetsa oimba usana ndi usiku, ndipo gulu looneka mochititsa kaso lidapeza msika pomwepo. Kenaka mu Novembala 1983 chimbale cha Quiet Riot chotchedwa Metal Health chidafika pa nambala 1 pa mndandanda wa magazini ya Billboard, wosonyeza zimbale zogulidwa kwambiri ku America. Makampani a zimbale ataona kuti m'phokosomo muli ndalama, adathamangira ku Los Angeles kukalemba anyamata a tsitsi lalitali odziŵa kugwira gitala.

Gulu la Dokken lidali la amuna anayi. Woimba pakamwa adali Don Dokken, wobadwa mu 1953, ndipo gululo lidatenga dzina la banja lake. Gitala ankaimba George Lynch, wobadwa mu 1954. Ng'oma ankaimba Mick Brown, ndipo gitala ya besi ankaimba Jeff Pilson, amene adaloŵa mu 1983 m'malo mwa Juan Croucier atapita ku gulu la Ratt. Lynch ndi Brown adali mabwenzi akale, ankaimbira limodzi m'gulu lina lotchedwa Xciter. Mwaŵi woyamba Don Dokken adaupeza kunja, ku Germany. Mu 1981 adapita kumeneko, n'kupeza pangano ndi kampani ya zimbale ya Carrere, ndipo Lynch ndi Brown adamutsatira kukajambula naye chimbale choyamba, Breaking the Chains. Ali komweko adathandizako gulu lotchuka la Scorpions, pamene woimba wawo Klaus Meine adadwala pakhosi nachitidwa opaleshoni: Don ndiye adamuimbirako pokonzekera nyimbo za chimbale chawo cha Blackout.

Makope oyamba a Breaking the Chains adatuluka ku Ulaya ndi dzina la Don Dokken yekha pachikuto, ndipo mbewu ya mkangano idadzalidwa pomwepo. Kwa Don, gululo lidali lake, pakuti iye ndiye adawoloka nyanja kukafuna pangano, ndipo dzina lolembedwa pakhomo la holo lidali la makolo ake. Kwa Lynch, gululo lidali la anthu anayi ofanana, ndipo anthu ambiri ankabwera kudzamva gitala yake. Sadali kudzitama chabe, chifukwa luso lake lidali lodziŵika mu Los Angeles monse. Kaŵiri konse adayesedwa kuti akhale woimba gitala wa Ozzy Osbourne, koma ulendo woyamba malowo adatenga Randy Rhoads, ndipo ulendo wachiŵiri adatenga Jake E. Lee. Akuluakulu adanena kale kuti atambala aŵiri salira m'khola limodzi. Kuwonjezera apo, zokonda zawo zidali zosiyana. Don ankakonda nyimbo zofeŵa, zokhudza mtima, zimene wailesi ingaulutse masana. Lynch ankakokera ku nyimbo zolemera, zaukali, zopatsa gitala malo aakulu.

Chodabwitsa n'chakuti kukokanako ndiko kudawapatsa chipambano. Kampani ya Elektra itatulutsa Breaking the Chains ku America mu 1983, chimbalecho sichidagulidwe kwenikweni, ndipo gululo lidatsala pang'ono kuchotsedwa. Lidapatsidwa mwaŵi umodzi wotsiriza, n'kujambula Tooth and Nail mu 1984, dzina lonena za kumenya nkhondo ndi mano ndi zikhadabo. Pambuyo pake lidatulutsa Under Lock and Key mu 1985 ndi Back for the Attack mu 1987. Chilichonse mwa zimbale zitatuzi chidagulidwa makope oposa 1,000,000 ku America kokha, ndipo chachitatucho chidafika pa nambala 13 pa mndandanda wa Billboard. Mu 1987 momwemo nyimbo yawo ya Dream Warriors idamveka m'filimu yoopsa yotchedwa A Nightmare on Elm Street 3, ndipo achinyamata amene sadamvepo za gululi adalidziŵira pamenepo. Kunjaku zonse zinkaoneka bwino, koma chidali chikomekome cha mkuyu.

Womvera angafunse kuti, nanga anthu osamvana adajambula bwanji zimbale zokoma chotere? Yankho lili m'makina a m'situdiyo. M'zaka zimenezo nyimbo inkajambulidwa pa tepi yaikulu, yotambalala mainchesi aŵiri, yokhala ndi mizere 24. Choimbira chilichonse chinkapatsidwa mzere wakewake, kapena mizere ingapo, ndipo mizereyo sinkafunika kudzazidwa tsiku limodzi. Woimba ng'oma atha kujambula mbali yake Lolemba, wa gitala n'kubwera Lachitatu kudzaimba akumvera ng'omazo m'zomvera za m'makutu, woimba pakamwa n'kudzamaliza sabata yamaŵa. Pomaliza katswiri wa makina amasakaniza mizere yonse, nyimbo n'kumveka ngati anthu adaimbira pamodzi. Chotero situdiyo imalola adani kukhala m'nyimbo imodzi popanda kuonana maso ndi maso. Zimenezi zidachitikadi m'gulu la Dokken. Pojambula Tooth and Nail mu 1984, Don ndi Lynch adafika pogwira ntchito pa nthaŵi zosiyana, aliyense ndi katswiri womuthandiza.

Pa nsanja pamaso pa anthu, njira yothaŵirayi palibe. Nyimbo ikayamba, anayi onse ayenera kukhala pamalo amodzi, pa mphindi imodzi, ndipo aliyense ayenera kutchera khutu kwa mnzake. Wa gitala akatalikitsa gawo lake, woimba pakamwa adikire mpaka amalize, n'kuloŵa pa nthaŵi yake. Woimba pakamwa akafuna kuti anthu ayankhe kolasi, wa gitala atsitse mawu kuti anthuwo amveke. Munthu atha kukana kukwera galimoto imodzi ndi mnzake, atha kukana kudya naye, koma sangakane kumumvera pa nsanja, chifukwa akatero nyimbo igwa pamaso pa anthu amene adalipira. Apa ndipo pagona kufunika kwa Beast from the East. Ichi chidali chimbale choyamba chathunthu cha gululi chojambulidwa pa nsanja, ndipo chimasunga maola amene amuna anayiwo sakadachitira mwina koma kudalirana.

Sikudali kwangozi kuti adakajambulira ku Japan. Dziko limenelo lidali litatchuka kale ngati malo abwino ojambulirako zimbale zotere. Mu Ogasiti 1972 gulu la Deep Purple lidajambula Made in Japan ku Osaka ndi ku Tokyo, ndipo chimbalecho chidakhala chitsanzo kwa ena onse. Mu 1978 Scorpions adajambula Tokyo Tapes, ndipo chaka chomwecho gulu la ku America la Cheap Trick lidajambula mu holo ya Budokan, imene idamangidwa chifukwa cha maseŵero a judo pa mpikisano wa Olimpiki wa 1964. Cheap Trick idali isadatchuke kwenikweni kwawo, koma chimbale cha ku Budokan ndicho chidaikweza ku America komwe. Zifukwa zake zidali zomveka. Maholo a ku Japan adamangidwa mosamala kuti mawu azimveka bwino, makina ojambulira adali apamwamba, ndipo omvera a kumeneko ankagula zimbale mokhulupirika, kuloŵeza mawu a nyimbo za m'Chingerezi, ndi kulemekeza kwambiri akatswiri a gitala. Munthu ngati George Lynch ankalandiridwa ngati mfumu.

Kujambula chimbale chotere ndi ntchito yaikulu. Pa nsanja amaika maikolofoni ambiri: angapo pa ng'oma, ena kutsogolo kwa zokuzira mawu za magitala, ena a oimba pakamwa, ndipo ena amawalozetsa kwa anthu kuti atole mfuu yawo. Nthambo zonse zimapita ku makina ojambulira, kaŵirikaŵiri m'galimoto yaikulu yoima kunja kwa holo, mmene akatswiri amakhala tcheru kuti tepi isathe pakati pa nyimbo. Sadalira usiku umodzi wokha. Amajambula mausiku angapo, kenaka n'kusankha nyimbo iliyonse pa usiku umene idaimbidwa bwino koposa, n'kuzilumikiza ndi kuwomba m'manja kuti zimveke ngati chochitika chimodzi. Beast from the East idatuluka pa zimbale zakuda ziŵiri m'chikuto chimodzi, pa kaseti, ndiponso pa CD, ngakhale kuti pa CD nyimbo zingapo zidachotsedwa kuti zonse zikwane pa chimbale chimodzi.

Woika chimbalechi pa galamafoni amayamba kumva Unchain the Night, kenaka zimatsatana nyimbo zimene gululi lidatchuka nazo, monga Tooth and Nail, Into the Fire, Just Got Lucky, It's Not Love, Breaking the Chains ndi In My Dreams. Koma nyimbo ziŵiri ndizo zimaonetsa bwino mitima iŵiri ya m'gululi. Yoyamba ndi Alone Again, nyimbo yachifatse ya munthu wosiyidwa yekha, imene Don adalemba ndi Pilson. M'menemo mawu a Don ndiwo ali patsogolo, ndipo gitala ya Lynch imadzichepetsa, n'kudzalira mwachisoni pakati pa nyimbo mothandiza woimbayo. Yachiŵiri ndi Mr. Scary, imene Lynch adalemba ndi Pilson yemweyo. Nyimbo imeneyi ilibe mawu oimba ngakhale amodzi. Mwini dzina la gulu amapatuka, n'kusiyira wa gitala bwalo lonse, ndipo pa nsanja nyimboyo imatalika kuposa mmene idaliri m'situdiyo.

Wotchera khutu amamvanso anthu aŵiri amene satchulidwa kaŵirikaŵiri pa mkanganowu. Jeff Pilson ndi Mick Brown ndiwo adali msana wa gululi. Besi ndi ng'oma zawo zimagwira nyimbo kuti isapendekeke pamene gitala yauluka, ndipo onse aŵiri ankathira mang'ombe pambuyo pa Don, kotero kuti makolasi a Dokken amamveka odzaza ngati a kwaya yaing'ono. Ndiponso sikovuta kuona chifukwa chake dzina la Pilson lili pa nyimbo ya Don ndi pa nyimbo ya Lynch pomwe. Iye ndiye ankatha kukhala pansi ndi uyu lero, n'kukhala pansi ndi uyo maŵa. Magulu ambiri a anthu, ngakhale amene saimba nyimbo, amakhalitsa chifukwa cha munthu wotere, amene satchuka koma amanyamula uthenga pakati pa anthu osalankhulana.

Tsono pali funso limene womvera wanzeru ayenera kufunsa: kodi chimbale cha pa nsanja chimanena zoona? Funsoli n'loyenera, pakuti tepi ya mizere 24 ija imatengedwa kuchoka ku holo kupita ku situdiyo, ndipo kumeneko zolakwa zimatha kukonzedwa. Chimbale cha gulu la Kiss chotchedwa Alive!, cha mu 1975, chidapulumutsa gululo pamodzi ndi kampani yake ya Casablanca imene idali pafupi kugwa, koma patapita zaka eni ake ndi katswiri wawo Eddie Kramer adavomera kuti mbali zina adaziimbanso m'situdiyo. Gulu la ku Britain la Judas Priest lidajambula Unleashed in the East ku Tokyo mu 1979, ndipo woimba wawo Rob Halford adavomera pambuyo pake kuti mawu ake adawajambulanso atabwerera kwawo. Chotero chimbale cha mtundu uwu chimafanana ndi chithunzi cha paukwati. Anthu ake ndi enieni, tsiku lake ndi lenileni, koma aliyense adayamba wakonza kolala ya malaya wojambula asadatole.

Komabe pali zinthu zimene situdiyo imavutika kuzisintha. Liwu limodzi lophonya lingakonzedwe, ndipo kuwomba m'manja kungakwezedwe. Koma ng'oma pa nsanja zimalira mwamphamvu kotero kuti zimaloŵerera m'maikolofoni ena onse, ndiye liŵiro la nyimbo, kupuma kwake, ndi malo amene oimba adadikirana zimatsala monga mmene zidachitikira usiku uja. M'zinthu zimenezi ndimo womvera amazindikira ngati gulu linkamverana kapena ayi. Pa Beast from the East nyimbo zimathamanga ndi ukali woposa wa m'situdiyo, koma sizimwazika. Pa chimbale chonsecho pali nyimbo imodzi imene eni ake adanena poyera kuti ndi ya m'situdiyo, ndipo adaiika kumapeto. Dzina lake ndi Walk Away, ndiye kuti kuchoka osacheuka. Idakhala nyimbo yatsopano yotsiriza ya gululi lisadapasuke.

Pakati pa kujambula ndi kutuluka kwa chimbalechi padachitika chinthu chimene chidafulumiza mapeto. Kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kumapeto kwa Julayi 1988, gulu la Dokken lidayenda m'mabwalo akuluakulu a maseŵero ku America pa ulendo wotchedwa Monsters of Rock. Magulu adali asanu, ndipo ankakwera pa nsanja motsatana chonchi: Kingdom Come, Metallica, Dokken, Scorpions, n'kumalizira Van Halen. Tsoka la Dokken lidali kukwera pambuyo pa Metallica. Anyamata a Metallica sankadzikongoletsa. Ankavala majinzi ndi masikipa akuda, n'kuimba nyimbo zaliŵiro ndi zaukali zimene zinkasiya khamu lili wefuwefu. Pambuyo pa moto wotere, nyimbo zokoma za Dokken zinkamveka zozizira kwa achinyamata ambiri, ndipo Don Dokken mwini wake adavomera m'zaka zotsatira kuti malo amenewo adali ovuta. Magulu aŵiriŵa adali a kampani imodzi ya Elektra, koma aliyense woonerera ankatha kuona gulu limene linkakwera ndi limene lidayamba kutsetsereka.

Chimbale chitatuluka mu Novembala 1988 chidagulidwa makope oposa 500,000 ku America, chiŵerengero chimene kumeneko amachitcha cha golide. Koma ogulawo ankamvera gulu limene lidali litatha kale m'mitima ya eni ake. Chifukwa chenicheni cha kupasukako aliyense amachifotokoza mwa njira yake. Lynch adakhala akunena kuti nkhani idali ya ndalama ndi ulamuliro, pamene Don adakhala akudandaula za khalidwe la anzakewo pa maulendo. Mu Febuluwale 1990, pa mwambo wa mphotho za Grammy, Beast from the East idali pakati pa zopikisana pa mphotho ya nyimbo za metal, m'chaka choyamba chimene nyimbo zimenezi zidapatsidwa mphotho yakeyake. Aka kadali koyamba kuti Dokken ifike pamenepo, koma gulu loti likakhale pamodzi pamwambowo padalibe. Mphothoyo idapita kwa Metallica chifukwa cha nyimbo yawo yotchedwa One.

Atasiyana, aliyense adapeza ufulu umene ankaulakalaka. Lynch ndi Brown adayambitsa gulu la Lynch Mob, n'kutulutsa Wicked Sensation mu 1990. Don adasonkhanitsa oimba ena aluso, koma anzake akale adamuletsa mwalamulo kugwiritsa ntchito dzina lakuti Dokken ngati dzina la gulu, chifukwa onse anayi adali ndi gawo pa dzinalo. Munthu adakanizidwa dzina la makolo ake, ndipo chimbale chake cha Up from the Ashes cha mu 1990 chidatuluka ndi dzina lakuti Don Dokken, monga mmene zidaliri ku Germany pachiyambi. Zimbale ziŵirizi zidali ndi luso, koma palibe chimene chidafika pa makope 1,000,000 amene ankafikapo ali pamodzi. Pa chimbale cha Don padasoŵa gitala yomutsutsa, ndipo pa chimbale cha Lynch padasoŵa liwu limene anthu adalizoloŵera. Chimene aliyense ankadana nacho mwa mnzake ndicho chimene nyimbo zake zinkafuna.

Nthaŵi nayo sidawadikire. Mu Seputembala 1991 gulu la Nirvana, lochokera m'chigawo cha Washington, lidatulutsa Nevermind, ndipo mu Januwale 1992 chimbalecho chidachotsa Dangerous ya Michael Jackson pa nambala 1. Achinyamata adatembenukira ku nyimbo za oimba ovala malaya wamba, ndipo tsitsi lotukumuka ndi zovala zonyezimira zidasanduka zoseketsa. Ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika. Makampani amene adathamangira ku Sunset Strip adathamangira ku Seattle. Amuna anayi a Dokken adabwererana, n'kutulutsa chimbale mu 1995 chimene adachitcha Dysfunctional, dzina lonena za banja losayenda bwino, koma msika udali utasintha, ndipo mu 1997 Lynch adachokanso. Pilson naye adachoka pambuyo pake, n'kuloŵa gulu la Foreigner mu 2004.

Nkhaniyi idabwereranso ku Japan. Mu Okutobala 2016, patapita zaka 28 chijambulire Beast from the East, anayi aja adakumananso n'kukaimba m'dziko lomwelo masiku oŵerengeka. Tsitsi lidali litachita imvi, ndipo mawu a Don sankakweranso monga kale. Sadanamize anthu kuti akhala mabwenzi. Don adanena poyera kuti ndalama zimene adalonjezedwa zidali chifukwa chachikulu cha ulendowo. Kukumanako kudabala chimbale china cha pa nsanja, Return to the East Live, chimene chidatuluka mu 2018. M'zaka zoyambirira za m'ma 2020, Lynch adakwerako pa nsanja ya gulu la Don ngati mlendo, kuimba naye nyimbo zingapo zakale kumapeto kwa chionetsero, anthu n'kuimirira.

Pali anthu amene amakhulupirira kuti ntchito yabwino imachokera kwa anthu okondana okha. Chimbale cha Beast from the East chimaonetsa kuti si nthaŵi zonse. Amuna aŵiri amene sankafuna kuonana adaima pa nsanja imodzi ku Japan mu Epulo 1988, ndipo kwa nthaŵi yonse ya nyimbo aliyense adapatsa mnzake malo ake, adamudikira, namuthandiza kuti amveke bwino. Adalephera kuchita chimodzimodzi atatsika pa nsanja, pokambirana za ndalama ndi za mwini gulu, ndipo kulepherako kudawatayitsa zaka zimene akadakolola zambiri. Wapampando wa kwaya, kaputeni wa timu ya mpira, ndi abale olima munda umodzi wa makolo amadziŵa kuti kugwirizana pa ntchito yeniyeniyo nthaŵi zina kumakhala kosavuta kuposa kugwirizana pogaŵana zotuluka pa ntchitoyo. Amene angapeze chimbalechi ayambe wamvera Alone Again, kenaka Mr. Scary, ndipo akumbukire kuti nyimbo ziŵirizi zidaimbidwa ndi gulu limodzi, pa ulendo umodzi.